Buku Limene Analitcha Linga

Kalekale, mumzinda wina wa Agiriki, munali mlembi amene mtima unkamupweteka poona mabuku a makolo akutha. Ena ankadyedwa ndi njenjete, ena ankapsa nkhondo ikadutsa. Iye anaitana alembi anzake asanu, nayamba kutola zotsala: mawu akale ndi matanthauzo ake, mayina a anthu anzeru, mbiri za mizinda. Zonsezo ankazindandalika m'buku limodzi lalikulu.

Ntchitoyo inatenga zaka makumi atatu. Anzake atatu anamwalira isanathe, ndipo wina anachita khungu. Mayi wina wamasiye anabweretsa mabuku a mwamuna wake m'dengu, osapempha kanthu.

Bukulo litatha, bwanamkubwa wa mzindawo anauza mlembiyo kuti alembe dzina lake patsamba loyamba, kuti mibadwo idzamudziwe. Mlembiyo ankaufuna ulemuwo, ndani saufuna? Koma atagwira cholembera, anakumbukira anzake amene anali kumanda. Analemba liwu limodzi lokha: Linga.

"Linga silimangidwa ndi mtengo umodzi, bwana," anatero. "Aliyense anazika wake, kuti nzeru za makolo zikhale ndi pobisala."

Zaka zinapita, mlembiyo anakalamba. Tsiku lina kunafika mlendo wophunzira kwambiri wochokera kutsidya la nyanja. Ankafunsa nyumba ya bambo Linga, poganiza kuti limenelo ndi dzina la wolemba buku lotchukalo. Mwana wamkazi wa mlembiyo zinamuwawa. Anafuna kumuuza mlendoyo kuti Linga kulibe, wolemba ndi bambo ake amene akhala pakhondewa. Koma mkuluyo anamuletsa ndi dzanja.

"Munthu wawoloka nyanja chifukwa cha ntchito ya mzinda uno," anamuuza. "Ukufunanso chiyani, mwanawe?"

Kenaka analonjera mlendoyo, namuuza kuti Linga sakhala m'nyumba imodzi, koma kwawo ndi konkuno. Anatenga ndodo yake, nayenda naye pakati pa msika ali chiweramukire, ngati wabwerera kuunyamata.

Tsono nkhaniyi ndakambira inu amene mwasonkhana pano, amene munaumba njerwa za sukulu ino, poti mayina anu sali pachikwangwani cha sukuluyi. Musadandaule. Mwana wochokera muno akadzaima pamaso pa akuluakulu n'kufunsidwa kumene anaphunzira, adzatchula dzina limodzi, la sukulu ino, ndipo m'dzina limenelo mudzakhala muli nonsenu.