Mbaniro Imodzi, Dzino Limodzi

Amene anaona ndi maso anandiuza kuti pamsonkhano wa mayiko a mumtsinje wa Bua, Katumbu anaimirira n'kulamula kuti mtundu wa nkhanu utule zida zake zonse, ati pakhale mtendere.

Nasimango, nthumwi ya nkhanu, anadziwa kuti mbaniro zikachoka, abale ake onse asanduka ndiwo.

"Mwanena zoona, bwana," anatero akuwomba m'manja. "Koma tizitula mosinthana. Ine mbaniro imodzi, inu dzino limodzi."

Katumbu anaseka mpaka ndevu kunjenjemera. Nkhanu ili ndi mbaniro ziwiri, iye mano odzaza kamwa. Anawonjezera yekha lamulo lakuti chida chilichonse chikadzapezekanso, azidzasinthana chimodzimodzi. Mvuu anadinda chala ngati mboni.

Nasimango anathyola mbaniro zake, thyo, thyo. Katumbu anazula mano awiri, akumwetulirabe.

Itatha miyezi ingapo Nasimango anafundula chigoba, mbaniro zina n'kumera. Anathamanga cham'mbali kukadzinenera yekha kwa Katumbu.

"Pepani bwana, zida zija zapezekanso. Ine sindifuna kuphwanya pangano."

"Iyayi mayi, zisungeni, palibe mlandu," anatero Katumbu atagwira tsaya.

"Pali mlandu," anayankha Mvuu, akuyasamula pang'ono.

Zinapita choncho chaka ndi chaka, achemwali ake a Nasimango nawonso akubwera pamzere kudzadzinenera mwaulemu.

Pamsonkhano wotsiriza Katumbu anaimirira kuti athetse panganolo. Anayankhula nthawi yaitali mkamwa mulibe dzino, malovu ali chuchuchu, koma palibe anamva liwu ndi limodzi lomwe.

"Akuti akuthokoza," anamasulira Nasimango. Mayiko onse anawomba m'manja.