Madzi Patsogolo pa Galimoto ya Buledi

Panali munthu wina wa ku Nsanje, mwana wa m'chigwa chotentha, amene chibadwire anali asanavalepo majuzi awiri nthawi imodzi. Munthuyu anasiya mkazi ndi ana, nakwera basi ya ku Joni. Anakafikira kwa mlamu wake, mlongo wa mkazi wakeyo, m'katauni kena ka kumtunda, kopanda mitengo, kumene mphepo imalowa m'nyumba osaodira.

Ine ndagonamo m'matauni otere, ambiri ndithu, ndipo amafanana. Kutsogolo kumakhala nyumba yaikulu ya mwini malo. Kuseri kuli tizipinda ta malata tondandana, mpopi umodzi, ndi chingwe choyanikapo zovala. M'kachipinda kamodzi munkakhala munthu uja ndi mlamu wake. M'kachipinda kakumapeto munkakhala nkhalamba ina ya ku Lesotho, yosachoka m'bulangete, yotsokomola kuyambira mbandakucha.

Ntchito inavuta. Munthu uja anakhala nthawi yaitali akungophikira mlamu wake ndi kumuchapira, mkazi akaimba foni iye n'kumayankha kuti zikhala bwino. Pomaliza anaipeza ntchito, yoyendetsa galimoto yogawa buledi m'magolosale. Bwana wake pomupatsa makiyi sanachulutse mawu. Anati galimoto izigona kwa dalaivala, ndipo buledi azifika m'magolosale anthu asanayambe kupita kuntchito.

"Amene ukumulowa m'malo ankachedwa," anatero bwanayo. "Wina asanabwere iyeyo anaswa galasi. Ukachita chimodzi mwa ziwirizi, makiyi udzasiye patebulo pano."

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja ankagona ndi makiyi pansi pa pilo. Galimoto ankaiika mkati mwa mpanda, pafupi ndi mpopi.

Munthuyu analeredwa bwino. Atangofika kumene pamalopo anapeza nkhalamba ija itawerama pampopi, namuimirira kumbuyo mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Nkhalamba sinacheuke. M'mawa mwake anayesa moni wa chilankhulo cha kumeneko, umene mlamu wake anamuphunzitsa. Zii. Anayesanso masiku ena, kenako analeka. Mumtima anati, kwathu ngakhale munthu amene munalimbirana naye malire a munda amakuyankha moni. Uyu ndiye wamtima wotani?

Ndiye inafika nyengo yozizira. Inu amene munagonapo ku Dedza kapena ku Tsangano mwezi wa Juni mumaganiza kuti chisanu mumachidziwa. Chimene mumachidziwacho ndi mng'ono wake. Kumtunda kuja udzu umadzuka uli mbuu, ngati wina wamwazapo ufa. Madzi otsala m'beseni amasanduka mwala. Ndipo pagalasi lakutsogolo la galimoto pamamatirira madzi oundana, oyera ngati mchere, olimba moti mawaipa amangodutsa pamwamba osachotsa kanthu. Munthu sungaone ngakhale geti.

Madalaivala anzake ankafika kophikira buledi akuuzira mpweya m'manja, akudandaula. Wina anapala galasi ndi supuni. Wina anadikira injini itenthe mpaka mtima kugunda poopa bwana. Munthu wa ku Nsanje ankangowamvera chisoni, pakuti iye ankati akatuluka m'mawa, galasi lake linali mbee. Ankaliza galimoto, n'kumapita.

"Yanga siigwira chisanu," ankawauza. "Kaimikidwe, anzanga. Galimoto imafuna mwini wodziwa."

Mlamu wake atamva zimenezi anaseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, ndi magazi a ku Nsanje amenewo. Mumatenthetsa mpando masana, galimoto n'kugona ikutuluka thukuta."

Tsiku lina m'mawa, akuzungulira galimoto kuona matayala, anaona chinthu chimene sanachilabadirepo. Patsogolo pa galimoto dothi linali lonyowa. Mvula kunalibe. Mpopi unali wotseka. M'matopemo munali mapazi a majombo, ochokera ku kachipinda kakumapeto ndi kubwereranso komweko. M'mawa wotsatira anapeza zomwezo.

"Alamu, tatulukani muone."

Mlamu anatuluka ndi mswachi m'kamwa. "Galimoto yanu yayamba kukodza pogona?"

"Musaseke. Mapazi awa ndi a yani?"

Mlamu anawerama, nayang'ana kumene mapaziwo ankalowera. Analavula thovu. "Ndi a agogo anu aja osayankha moni."

"Nanga munthu wosandiyankha moni akufuna chiyani pagalimoto yanga kusanache?"

"Madzi othiridwa anthu ali m'tulo, kwanu mumawatcha chiyani? Inu a kumunsi ndiye akatswiri pa zimenezi, musandifunse ine."

Munthu uja anatapa dothi lonyowalo, nalinunkhiza. Silinanunkhe kanthu.

"Mankhwala enieni sanunkha," anatero mlamu, tsopano osaseka. "Mwina ali ndi mdzukulu amene akufuna makiyi anuwo. Kuno ndi kwa eni, alamu."

Tsiku lonselo anayendetsa galimoto mtima uli m'mwamba. Mabuleki akalira pang'ono, iye n'kuti zayambika. Madzulo sanalowetse galimoto mumpanda. Anakaiika kunja, kumunsi kwa msewu, pafupi ndi kagolosale kena, osauza munthu. Anagona akudziyamikira kuti waizemba nkhalamba.

Kunacha kozizira kuposa masiku onse. Atafika pagalimoto anaima chilili. Galasi lonse linali loyera. Analowa, naliza injini, nayatsa mawaipa, koma mawaipawo anali atamatirira, osasuntha. Anatuluka, napala ndi zikhadabo. Anapala ndi kiyi. Zala zinachita dzanzi, ndipo chimene anapeza ndi kaboo kosakwana n'komwe diso limodzi. Kum'mawa kunayamba kufiira.

Mumtima anati, wandipeza ndithu. Ndamuthawa mumpanda, wanditsata ndi zake.

Anakumbukira tebulo la bwana. Anathamangira kuchipinda. Pambaula panali ketulo ya mlamu wake, ikubwata. Anainyamula.

"Alamu, tiyi wanga!" anakuwa mlamu ali m'mabulangete. "Mukukamwetsa galimoto?"

Iye anatuluka nayo liwiro. Amene munathirapo madzi owira m'tambula yozizira mukudziwa chimene chikanachitika. Galasi loundana likalandira madzi obwata limang'ambika kuchoka kumwamba mpaka pansi. Munthu wa ku Nsanje zimenezi sankazidziwa. Akanazidziwira kuti?

Anafika pagalimoto ali wefuwefu, nakweza ketulo m'mwamba ndi manja awiri. Pomwepo dzanja lina linamugwira pamkono.

Inali nkhalamba ija, m'bulangete lake, m'majombo ake, ndowa ili pambali. Itadzuka inapeza pamalo pa galimoto palibe kanthu, ndipo inatuluka ndi ndowa yake kukaifunafuna mumsewu. Ketulo inapendekeka, madzi owira n'kutayikira padzanja la nkhalambayo. Inakukuta mano, koma sinamusiye. Inagwirabe mpaka munthu uja anatsitsa manja.

Kenako inatenga ketulo ija. M'ndowa munali madzi amene anali atazizira m'njira. Inathiramo owira pang'ono, n'kuviikamo chigongono, monga amachitira mayi asanasambitse khanda. Inawonjezera pang'ononso. Itakhutira, inayamba kuthira madzi ofundawo pagalasi, kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, osafulumira ngakhale kunja kunali kukuyera. Choyera chija chinayamba kusungunuka. Inatukula mawaipa limodzi limodzi. Inatulutsa kansanza m'bulangete, n'kupukuta galasi lonse kuti madzi asaundanenso.

Madziwo anatsetsereka, nagwera pansi patsogolo pa galimoto. Anafika mpaka pansapato za munthu uja. Iye anayang'ana dothi lonyowalo, ndi mapazi a majombo m'matopemo, ndipo anawazindikira.

Nkhalamba inatsokomola nthawi yaitali. Itapuma, inamuyang'ana m'maso, n'kunena liwu limodzi, mokweza kwambiri, lopindika ngati la munthu amene analisunga zaka zambiri osaligwiritsa ntchito.

"Achimwene!"

Ndipo inaloza msewu.

Munthu uja anakwera, napita. Buledi anafika m'magolosale akadali wofunda, ndipo makiyi anabwera nawo kunyumba.

Madzulo anapita kwa mayi mwini malo kukafunsa za nkhalamba ija. Mayiyo anadabwa kuti sakudziwa.

"Samva ameneyo. Makutu ake anafera mumgodi, pamodzi ndi chifuwa. Ukamulankhula kumbuyo ndiye kuti ukulankhula ndi khoma. Anagwira ntchito ndi anthu a kwanu pansi pa nthaka, kalekale. Amati anamuchitira zabwino, koma sananenepo kuti zabwino zanji. Chifuwa sichimulola kugona, ndiye amadzuka, n'kufunditsa madzi. Chiyambireni chisanu wakhala akukuthirira pagalasi. Iwe unkaganiza kuti ndani?"

Mlamu wa munthu uja, amene anamutsatira kudzamvera, anakanda m'mutu.

"Ine ndinangoti mwina, alamu."

Munthu uja anatenga mafuta odzola, napita ku kachipinda kakumapeto. Sanaodire, pakuti odi sakanamveka. Anaima poti nkhalamba imuone. Anagwada pakhomo, nawomba m'manja mwakachetechete ngati mmene amachitira kwawo pamaso pa akulu. Kenako anatenga dzanja lopsa lija, naliika pabondo pake, nayamba kulidzoza.

Fanizo lathera pamenepo, abale anga.

Ine ndayenda, ndipo miyendo yanga sinaphunzirebe kukhala pansi. M'maulendo onsewo ndaona kuti munthu amawerenga msanga zoipa zimene zamugwera. Koma zoipa zimene sizinamugwere sazidziwa n'komwe, chifukwa wina anazichotsa iye asanadzuke. Amangopeza njira ili mbee, n'kumati ndine wodziwa. Akapeza chizindikiro chakuti pali wina amene akumuyendera, mantha amafika msanga kuposa zikomo.

Ndikakumbukira kwathu, ndimaona mtsuko umene unkakhala wodzadza m'mawa uliwonse. Tili ana tinkangotunga n'kumwa, ngati mtsuko umadzitungira wokha. Amene ankaudzaza anapita kale, ena tisanawathokoze.

Tsono iwe amene ukumva izi, kaya uli pakwanu, kaya uli kwa eni. Pali chinthu china pamoyo wako chimene chimangoyenda bwino, ndipo wakhala ukuuza anzako kuti n'chifukwa cha nzeru zako. Usafulumire. Mwina pali munthu amene amazizidwa m'malo mwako. Mwinanso ndi yemweyo amene unaleka kumupatsa moni. Mawa udzuke msanga kuposa masiku onse, usayatse nyali, usuzumire pazenera. Amene umuone panjapo, umuthokoze akadali ndi moyo, ndipo umuthokoze m'njira imene iyeyo angaimve.