Marakaa Awiri Otsala

A Jawadu Mbwana anafika pakhomo pa Shehe Silaju ku Ulongwe dzuwa litapendeka, atavala jekete la kampani imene inawapumitsa ntchito. Kunja kunali kotentha koopsa, koma jeketelo sankalivula. Anali atayendetsa mathiraki zaka zoposa makumi atatu, ndipo misewu ya ku Beira, ku Nacala ndi ku Joni ankaitchula ngati mayina a ana awo. Ukangowapatsa moni, usanakhale n'komwe pansi, unkapezeka akuwolotsa kale mlatho wa ku Tete ndi nkhani zawo.

A Jawadu anawapeza Shehe ali pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili patsogolo pawo. Mashehe ambiri a m'deralo anadutsa m'manja mwawo, koma njinga yawo ankakonza okha.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, a Mbwana. Khalani apa pali mthunzi. Aswera bwanji Abiti Saizi kunyumbako?"

"Aswera bwino, alihamudulillahi. Kunena zoona, ndiwo andituma. Ine pandekha sindikanakuvutitsani ndi kankhani kochepa ngati aka."

Kankhaniko kanali aka. Munthu wapaulendo amaloledwa kufupikitsa swala, pemphero la Chisilamu: m'malo mwa marakaa anayi, zigawo za pempherolo, amaswali awiri okha. A Jawadu anaswali chotero zaka zonsezo, pa katoni yoyala m'mbali mwa tayala. Tsopano inali itapita miyezi ali pakhomo, koma akamaswali okha, pakutha pa rakaa yachiwiri khosi linkangotembenuka lokha kupereka salamu yotsekera swala. Akazi awo anaziona kamodzi n'kungozisiya. Ataona kuti chasanduka chizolowezi, anawauza kuti apite akafunse.

Shehe anamvetsera mpaka mapeto, kenako anati, "Funso limenelo ndi lopepuka. Mukakumbuka nthawi yomweyo, imirirani, mumalize awiri otsalawo, kenako mugwetse mphumi pansi kawiri chifukwa cha kuiwalako. Mukakumbuka patapita nthawi, bwerezani swala yonse. Allah salanga kapolo wake chifukwa cha kuiwala."

Yankho linali litaperekedwa, koma a Jawadu sananyamuke. Pamsewu panadutsa thiraki, iwo n'kuitsatira ndi khutu mpaka phokoso litazilala.

"Ilipo njira ina yachidule, Shehe," iwo anatero. "Wamalonda wina wa ku Liwonde wagula lole, ndipo akufuna munthu wodziwa njira ya ku Nacala. Ndikavomera, ndiye kuti ndabwerera pa ulendo, marakaa awiri andikwanira, kuiwala kwathera pomwepo. Madzi saiwala khwawa. Ndangobwera kuti mundipempherere duwa, chifukwa mawa akufuna yankho."

Shehe anatenga pampu. Anapopa chubu chija n'kuchimiza m'beseni.

"Tayang'anani kuno, a Mbwana. Thovu likutuluka pati?"

A Jawadu anawerama, natsinzinira, nasendeza mutu uku ndi uku. Ankaona madzi, ankaona chinthu chakuda m'madzimo, koma thovu sankaliona. Analoza pamene anangoganizira. Shehe anaika chala chawo pamalo ena, pamene timathovu tinkakwera mondondozana.

A Jawadu anachita manyazi kwambiri. Nkhani ya ng'ala imene dokotala anaipeza m'maso mwawo ankaidziwa ndi akazi awo okha. Kwa anthu ena onse ankati anapuma mwa kufuna kwawo, kuti apatseko mpata achinyamata.

"Za loleyo sindine amene ndikuletseni," anatero Shehe mofatsa. "Akuletseni ndi ana a eni amene amadumpha msewu pochoka kusukulu. Iwonso simudzawaona."

Apa m'pamene a Jawadu anakhuthula za kukhosi, ndipo mawu awo anatsika.

"Nanga pakhomo ndizitani, Shehe? Nyumba ndinamanga ndine, koma khasu ndimachita kufunsa kumene limakhala. Ana akaimba foni amandipatsa moni, kenako amati, 'Apatseni amayi.' Abiti Saizi ali ndi nthawi yawo ya chilichonse, ine ndimangowapinga m'njira ngati mtondo. Pa chiwongolero ndinali munthu. Ndikuopa, Shehe. Ndikuopa kudzuka m'mawa popanda wondidikirira kwina kulikonse."

Shehe anapukuta chubu chija ndi nsalu n'kuchiika padzuwa.

"Ine kutali kumene ndinafikako ndi ku Blantyre," iwo anatero, "choncho za m'misewu mundiphunzitse ndinu. Mukakhala ku Beira, katundu atachedwa, mutaswali marakaa anu awiri pa katoni paja, munkapempha chiyani mukakweza manja?"

"Chimodzi chokha, masiku onse. Kuti Allah andifikitse kwathu ndili wamoyo, ndikawapeze a kunyumba ali bwino."

"Anzanu a pamsewu ankapemphanso zomwezo?"

"Tonse, Shehe. Palibe dalaivala amene sapempha zimenezo."

"Onse anafika?"

A Jawadu anayang'ana pansi. Anakumbukira Twaibu, mnzawo amene ankadya naye mbale imodzi pamalire, amene thiraki yake inagubuduzika pa chitunda china ku Mozambiki. Mtembo wake anausambitsa ndi a Jawadu omwewo, n'kuuika m'manda a eni, mkazi wake osauona.

"Ayi," iwo anayankha. "Ena tinawasiya komweko."

"Ndiye duwa yanu inayankhidwa, a Mbwana, koma inu simunailandire," anatero Shehe. "Allah anakuchotserani marakaa awiri aja kuti mufike msanga kwanu, osati kuti msewu usanduke kwanu. Mwafika. Vulani jeketelo, mukaswali anayi."