Boti la Achimwene

Overstone anasiya sukulu ya ukachenjede ku Murdoch mwezi womwe anaika m'manda mkulu wake Lusekelo. Mabuku anawalongedza m'katoni, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kudoko la Fremantle, kumene malemuwo anasiya boti lakale la matanga. Lusekelo ankalakalaka kudzalowa nalo mpikisano wopita ku Bali, ulendo wa masiku ambiri osaona mtunda. Overstone anamanga mtima kuti botilo likafikako, zivute zitani.

A Jailos, mnzake wa malemu, amene ankagwira ntchito m'maboti okoka sitima ku Kwinana, anabwera kudzaliona. Anagogoda apa, kukanda apo, kenako anaima nthawi yaitali pamawaya ogwira mlongoti.

"Mphwanga, botili latopa," anatero. "Dzimbiri ladya mawayawa. Debbie, amene ndikupita naye kumpikisanoko, akusowa munthu mmodzi m'boti lake. Tiye, dzina la achimwene ako ukalitchule ku Bali uli wamoyo."

"Pamaliro simunagone, a Jailos. Masiku anayi tinakhala pasiwa ku Joondalup, nkhope yanu osaiona. Lero ndiye mwabwera ndi nzeru?"

"Ndinali panyanja, iwe ukudziwa."

"Bwererani komweko."

Oyenda nawo anawasankha pokumbukira amene analira naye: a Prosper, amene anatsogolera nyimbo, Connie, namwino amene sanachoke pamoto masiku onsewo, ndi Aleke, amene ananyamula nawo bokosi. Nyanja imene iwo ankaidziwa inali ya Loweruka, yopita kuchilumba cha Rottnest n'kubwerako dzuwa likadalipo. Komabe palibe anakana. Kwathu namfedwa satsutsidwa. Akati madzi ndi ouma, umangoti, "Zoonadi, pepani."

"Mawayawa mukuwaona bwanji, a Prosper?" anafunsa Overstone tsiku lina.

"Ali bwinobwino, mwanawe. Mulungu ali nafe," anayankha, maso ali kumbali.

Patatsala sabata ziwiri kuti mpikisano uyambe, anatuluka kukayesa boti panyanja yeniyeni. Masana inadzuka mphepo yamphamvu yochokera kunyanja, matanga n'kufufuma, ndipo kwa kanthawi Overstone anaseka, koyamba chimwalirireni mkulu wake. Kenako kunamveka kulira ngati kwa mfuti. Waya anaduka, mlongoti n'kugwa, kuthyola dzanja la Connie. Anabwerera kudoko chokokedwa.

Kuchipatala Connie sanamukalipire Overstone, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka koposa.

"Dzimbiri lija tonse tinaliona," anatero. "Aleke anandinong'oneza tsiku loyamba lomwe. Koma tikanakuuza bwanji, iwe maso ali psuu chonchija?"

Tsiku la mpikisano Overstone anakaima pamiyala ya kukamwa kwa doko. Maboti anatuluka mondondozana. M'boti la Debbie, malo amene akanakhala ake anali atatengedwa ndi munthu wina. A Jailos anamuona, nakweza dzanja, opanda mkwiyo. Iye anazengereza, ndipo pamene ankakweza lake, botilo linali litafika kale patali.

Boti la Lusekelo linatsala pamtunda, lokhazikidwa pazitsulo, ndipo ku Bali dzina lake silinakamveke. Amene analira naye ankamukondadi, koma chifundo chawo chikanawakumbitsa manda ena. Mmodzi yekha anamukonda mpaka kumupweteka ndi choonadi, ndipo ameneyo ndi amene Overstone anamuthamangitsa. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.