Kawotchi ka Mwini Nyumba ndi Dzina la Mwana

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, Amalawi atayamba kukwera ndege kukasaka maganyu kumaiko a chisanu, kunali bambo wina dzina lake Waisoni. Iye ndi mkazi wake Esinati ankachita lendi nyumba mumzinda wina wozizira kutsidya kwa nyanja. M'nyumba za kumeneko mulibe mbaula. Muli makina owiritsa madzi, madziwo n'kumayenda m'mapaipi kufunditsa zipinda. Makinawo amamvera kawotchi kapakhoma, kamene kamawauza nthawi yoyaka ndi yozima. Mwini nyumba, munthu woumira zedi, anakatsekera m'kabokosi ndi loko, nati wokakhudza alongedze katundu. Waisoni anangovomera, paja kwa eni kulibe mkuwe.

Esinati anachira mwana wamkazi masiku asanakwane, kamwana kongokwana m'manja awiri. Amayi ake, a Nangozo, anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzathandiza chikuta. Anamwino potulutsa mwanayo m'chipatala anati chachikulu n'chimodzi: asazizidwe.

Ndiye kawotchi kanasankha sabata yomweyo kupenga. Masana nyumba inkatentha ngati uvuni, m'mawa n'kuzizira mpaka mano kuguguda. Waisoni ankasuzumira pagalasi la kabokosi, kuwomba khoma, kuimbira mwini nyumba, koma foni inkangolira. Munthuyo anali kutchuthi, akuwothera dzuwa kwina.

Tsiku lina kunacha chisanu chitakwirira misewu, mapaipi ali zii. Mwana anakana bere. Sanalire n'komwe, anangoti lefu, timilomo titayamba kuda. A chipatala anati ambulansi ikuvutika kudutsa, amufunditse mpaka ifike. Waisoni anagwidwa ndi mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. Anaima pakati pa nyumba nati, "Amene andipulumutsire mwanayu, dzina amutche ndi iyeyo."

A Nangozo anavula mwana zovala zonse, Esinati akulira kuti, "Amayi, mumupha!" Iwo anamugoneka pachifuwa pawo, khungu kukhudza khungu, n'kumanga chitenje, pamwamba bulangete. "Finyira mkaka m'supuni," anatero, ndipo anayamba kumudonthezera pakamwa. Mwana anameza kamodzi, koma nyumba inali ikuzizirabe, ndipo thupi la nkhalamba linayamba kunjenjemera.

Waisoni anaimbira mlamu wake Kamwendo, mchimwene wa Esinati wokhala mumzinda womwewo, amene ankadziwa za makinawa. Mabasi sankayenda. Kamwendo anadula mzinda wapansi, chisanu chikumulekeza m'mawondo, nafika zala zitauma. Anayang'ana loko, nayang'ana mwana.

"Alamu, mukathyola atithamangitsa," anatero Waisoni.

"Nyumba mudzapeza ina," anayankha Kamwendo, n'kuthyola lokoyo ndi mpeni wa kukhitchini. Anadina batani ili, nadina ilo. Kawotchi kanali kakuda bii, kopanda nambala ngakhale imodzi. Thukuta linamutuluka m'chisanu chomwecho.

M'nyumbamo munalinso Tereza, mayi wa ku Mulanje wochita lendi chipinda cham'mwamba. Anaima pakhomo akupotokola zala. Kenaka anagwada pafupi ndi a Nangozo.

"Amayi, mundikhululukire. Madzulo aliwonse mumazimitsa maswichi onse apakhoma."

"Eya, nanga mayunitsi azingothera pachabe? Kwathu timatero."

"Ya kuseri kwa firiji ija ndi ya kawotchi. Mukazimitsa kamaiwala nthawi, mukayatsa m'mawa kamayambira pena. Lero simunayatse."

Tereza anapisa dzanja kuseri kwa firiji, nadina swichi. Kawotchi kanaphethira. Kamwendo anakakonza nthawi, nakalamula kuti kasazimenso. Makina anabangula m'kabati, mapaipi n'kuyamba kulira tiki tiki. Maso a onse anali pachitenje. Patapita kanthawi munamveka kulira kwakung'ono, kokwiya. Waisoni anakhala pansi n'kulira naye. Pamene ambulansi inkafika, mwana anali akuyamwa.

Koma lonjezo ndi ngongole, ndipo tsiku lotulutsa mwana m'chikuta litafika, panabuka mlandu wa amene atche dzina.

A Nangozo anati, "Pachifuwa panga pakanapanda kufunda, mukanayatsira ndani makina anuwo?" Kamwendo anaseka chamumtima, poti chisanucho anachiitana ndi chala chawo chomwe.

Kamwendo anati, "Ine ndayenda m'chisanu, ndathyola loko imene bambo wa mwana ankaiopa." Zoona, koma mwini nyumba anali atamva kale za lokoyo, ndipo anauza Waisoni ndi banja lake kuti mwezi ukatha atuluke, khanda lili kumanja, chisanu chisanathe.

Tereza anati, "Ine ndinangonena chimene ndinaona." Esinati anamufunsa kuti anachiona liti. Tereza anazolika. Anachiona masiku angapo m'mbuyomo, koma anaopa kudzudzula munthu wamkulu, mlendo m'nyumba ya eni.

Waisoni anawayang'ana onse atatu. Apongozi sungawatsutse pamaso, mlamu sungamukhumudwitse, ndipo Tereza akanapanda kutsegula pakamwa bwenzi akukamba za maliro. Mpaka dzuwa kulowa mwana ankangotchedwa Khanda.

Tsono inu mwamva mlandu wonse, muthandizeni Waisoni. Atche dzina ndani: amene anafunditsa mwana koma ndiye anazimitsa moto, amene anathyola loko koma wawasowetsa pokhala, kapena amene ananena zoona koma atachedwa nazo?