Mbumba ya M'mimba mwa Kompyuta Imodzi

Pa sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja kufupi ndi Chiringa panali chipinda chimene pachitseko pake panalembedwa kuti Labu ya Makompyuta. Chikwangwanicho chinkalonjeza zambiri, koma kompyuta yamoyo m'menemo inali imodzi yokha. Mwini chipindacho anali a Goodman Namathanga, mphunzitsi wa za kalumikizidwe ka makompyuta. Anali munthu wophunzira ndithu, koma wodwala nthenda ija yofala pakati pa ophunzira: khutu lawo linkamva mawu otuluka pakamwa pawo pokha.

Chaka chimenecho kunabwera kalata yochokera ku bungwe loona za mayeso. Inati ophunzira khumi ndi asanu ndi anayi a m'kalasi mwawo adzaloledwa kulemba mayeso pokhapokha sukuluyo itaonetsa gulu la makompyuta olumikizana, oti imodzi ikafa, anzake azitola ntchito yake osaima. Woyendera adzafika Lachisanu lachitatu la Okutobala. Labu ikakanidwa, ophunzirawo adzadikira chaka china.

Mayi Sellina Khoviwa, mphunzitsi wa zamagetsi, atawerenga kalatayo anapita kukagogoda.

"A Namathanga, kusitolo kosungira katundu wa sukulu kuli makompyuta atatu akale aja. Awiri angofuna mawaya, inayo ndi fumbi chabe. Ndipatseni masiku anayi."

"Amene nkhuku ya alonda ikuikirapo mazira aja?"

"Nkhuku tiisamutsa, bambo."

"Mayi, inu zanu ndi mababu. Dziko linapita patsogolo. Masiku ano kompyuta imabereka."

Apa tisawanamizire, ankanena zoona. Alipo mapulogalamu amene amalola kompyuta imodzi kudzigawa, n'kukhala ndi makompyuta ongoyerekeza m'kati mwake, iliyonse ndi dzina lake ndi ntchito yake. M'kati mwa yongoyerekezayo mukhoza kuikamonso ina. Akatswiri amachita zimenezi poyeserera, pamalo poti zinthu zikaphwasuka palibe wolira. Cholakwa si nzeruyo ayi. Cholakwa ndi kuisenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

A Goodman anayamba ntchito. Kompyuta yeniyeni ija anaitcha Malume, poti ndiyo mwini mbumba. M'mimba mwa Malume anaikamo alongo atatu. M'mimba mwa mlongo aliyense anaikamo ana atatu. Kenaka, popanda chifukwa china koma matama, anatenga mwana mmodzi n'kumuikamo kamdzukulu. Ankayenda pakhonde la sukulu chifuwa patsogolo, akuuza aliyense kuti m'boma lonse la Phalombe palibe mphunzitsi wina wolera makompyuta khumi ndi atatu m'mimba mwa imodzi.

Koma mimba ndi mimba. Dzuwa la Okutobala litakwera pamalata, Malume anayamba kubuula. Kafani ka m'kati kankalira kwambiri moti tsiku lina kunafika mayi wina wa m'mudzi atasenza thumba la chimanga, akufunsa ngati chigayo chatsopanocho chimagaya ndi mgaiwa womwe. A Goodman anabwereka lichero kwa mkazi wa alonda, ndipo ankaphunzitsa dzanja limodzi pa choko, linalo likukupiza Malume. Akadina chilembo mwa kamdzukulu, ankapita kukamwa tiyi, n'kubwerera chilembocho chikungofika kumene. Wotchi ya kamdzukuluko inkatsalira tsiku ndi tsiku, mpaka anthu ali Lachinayi, iko kadali Lolemba.

M'kalasimo munali Fanny, mayi wa ana awiri, amene ankapalasa njinga kuchokera kumadambo a Chilwa. Munda wake wa mpunga anausiya m'manja mwa mng'ono wake kwa zaka ziwiri, pa pangano loti chaka chino abwerera ndi satifiketi. Iyeyu anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga Malume akadwala?"

"Malume sadwala."

"Athu anadwala chaka chatha. Koma mwayi wake ife sitinali m'mimba mwawo."

Kalasi lonse linafa ndi phwete. A Goodman anamuuza kuti mafunso a kudambo azikawafunsa achule.

Kutatsala masiku atatu, mayi Khoviwa anabweranso. Anayang'ana pa sikirini, naona mawindo akuda bii, ofanana ngati mbewu za nyemba, lina m'kati mwa linzake.

"Chabwino, akale aja mwawakana. Koma tiyeni tijambule pakhomapa kuti uyu ali mwa yani, ndipo windo lililonse tilipatse mtundu wake. Tsikulo ine ndidzakhale pambali panu ndi pepala."

A Goodman anagogoda pamphumi pawo ndi chala. "Mapu ali muno, mayi."

"Nanga mukasokonezeka?"

"Amasokonezeka ndi mawaya anu aja. Ine ayi."

Lachisanu m'mawa woyendera anafika. Anali mayi Ida Mwafulirwa, munthu wosachulutsa mawu, wa cholembera chofiira. Anayang'ana tebulo, nayang'ana pansi pa tebulo.

"Makompyuta aja ali kuti?"

"Ali m'katimu, mayi. Mbumba yonse."

"Zimenezi ndimazidziwa. Kalata yathu siinaletse, ndiye sindiletsa. Zimitsani mmodzi wa anawo, ndione anzake akutola ntchito. Zikatheka, ndisaina pompano."

Ophunzira onse anaima kumbuyo, Fanny patsogolo pawo. A Goodman anakhala pampando, natsegula windo, natsegulanso lina m'kati mwake, natseka lina, nabwerera. Mawindo onse anali ndi nkhope imodzi. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala. Mapu aja a m'mutu anali atanyowa.

"A Namathanga," ananong'oneza mayi Khoviwa, "mwatsimikiza kuti ameneyo ndi mwana?"

"Mayi, ana anga ndimawadziwa."

Analemba lamulo lozimitsa, nadina batani mwamphamvu kuti woyendera aone kulimba mtima. Ulendo uno lamulolo silinachedwe ngakhale pang'ono, ndipo kufulumira kumeneko ndiko kunawauza kuti alakwitsa. Chigayo chija chinaleka kulira. Sikirini inada. M'chipindamo munangoti zii, moti anthu anamva nkhuku ikutetera kusitolo. Anali atazimitsa Malume, ndipo alongo, ana ndi kamdzukulu anapitira limodzi.

"Anzake otola ntchito aja ndi ati?" anafunsa mayi Mwafulirwa.

"Adzuka, mayi. Angopumula."

Kudzutsa mbumba yotere si masewera, pakuti mwana sangadzuke mayi wake ali chigonere. Malume anatenga theka la ola. Mlongo woyamba anatenga ola lathunthu. Pofika masana, mlongo wachiwiri ali pakati podzuka, Malume anatentha ngati mbaula n'kudzizimitsa okha, a Goodman akukupiza lichero ndi manja onse awiri.

"Pasukulu pano mulibe makompyuta ena?" anafunsa woyendera.

"Alipo atatu akale," anayankha mayi Khoviwa, "koma pakhala nkhuku."

"Nkhukuyo sindikanaifunsa satifiketi. Akanakhala olumikizidwa, bwenzi pano ndili pamsewu nditasaina."

Analemba mizere iwiri ndi cholembera chofiira chija, natsanzika mwaulemu. Ophunzira anatuluka mmodzimmodzi. Fanny yekha anaima pakhomo.

"Aphunzitsi, mng'ono wanga ndikamuuze kuti chiyani? Kuti alime chaka chachitatu chifukwa Malume anagona?"

A Goodman anabwerera kukakupiza Malume ndi lichero. Fanny anatenga njinga yake, osaikwera, n'kumaikankha kulowera kunyanja.

Lolemba m'mawa anthu anaona a Namathanga akugogoda pachitseko cha mayi Khoviwa atanyamula kompyuta yakale, nthenga zili m'tsitsi, dzanja litajomphedwa. Masiku anayi aja anakwanadi, ndipo makompyuta atatuwo anagwira ntchito bwinobwino. Koma chaka cha anthu khumi ndi asanu ndi anayi chinali chitapita kale, ndipo chaka sachilumikiza ndi waya. Malume atazizira, mbumba ija inadzuka yonse patapita masiku awiri. Kamdzukulu ndiko kanadzuka pomaliza, wotchi yake ili m'mbuyo monga mwa nthawi zonse, n'kuonetsa uthenga wokumbutsa a Goodman kuti akonzekere, pakuti woyendera akubwera Lachisanu.

Inu amene mwaphunzira, chenjerani. Mukhoza kudzigawa m'maganizo mwanu kakhumi ndi katatu, koma khosi lanu likhalabe limodzi, ndipo likathyoka, amene amagwera pansi ndi ena amene anakukhulupirirani. Akuluakulu sanaone kompyuta, koma anaona anthu onga a Namathanga, n'chifukwa chake anati: mutu umodzi susenza denga.