Tonde Wozingidwa Swala Isanachitike

Tsiku lotsatira Idi ya Kurubani, chikondwerero chimene Asilamu timazinga ziweto za nsembe, Che Likwanya, eni sitolo ya zitsulo pa Ntaja, anafika kwa Shehe Twaliki Mbalaka nkhope ili ndwii. Anawapeza Shehe ali pakhonde, akusoka nkhwayira yawo yoduka. Ine ndinali pamkeka chapambali, ndikulemba maphunziro a amayi a ku madrasa kwathu, poti pa Ntaja ponse palibe wolemba zooneka bwino ngati ine. Fomu 4 sindinangodutsamo ayi. Choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa, ndinazimva ndekha.

Atapatsana salamu, mlendoyo sanazungulire. Anapempha Shehe kuti awalembere talaka, kalata yothetsa ukwati, kuti akazi awo Abiti Sanudi abwerere kwawo.

Nkhani yake inali yotere. Pa Idi, Che Likwanya anafuna kukhala oyamba kugawa nyama m'mudzi, ndiye anazinga tonde wawo m'mamawa, anthu asanapite ku Swala, pemphero la Idi. Masana alendo atadzaza pabwalo, akutama kunona kwa nyamayo, Abiti Sanudi anabwera n'kugwada, n'kuwauza amuna awo kuti mbuzi yozingidwa Swala ya Idi isanachitike si Kurubani, ndi ndiwo chabe. Alamu ena a Che Likwanya anaseka mpaka kutsamwa. Abiti Sanudi amenewa ndi ophunzira anga, ndipo phunzirolo ndinapereka ndine. Anga saiwala.

"Shehe, ndiuzeni," anatero Che Likwanya. "Mwamuna angakhale ndi ulemu wanji m'nyumba imene mkazi amamuwongolera pamaso pa alendo?"

Shehe anapitiriza kusoka. Anafunsa ngati mayiwo analankhula mokalipa. Che Likwanya anati ayi, anagwada ndithu, kungoti mawu awo ndi aja omveka mpaka kuseri kwa mpanda. Shehe anafunsanso ngati tondeyo anazingidwadi Swala isanachitike.

"Pang'ono pokha, Shehe. Mwina maola awiri."

Apa ine ndinaweramira m'kope langa kuti asaone mano anga.

Shehe anaika singano pansi nayamba kusimba za Swahaba wina, mmodzi wa anzake a Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Anati Swahabayo anali wodziwa kwambiri malamulo a chipembedzo, moti atakula anthu ankamuzungulira mumzikiti kumufunsa mafunso. Tsiku lina anamva kuti kudziko lakutali kuli mnzake amene akusunga mawu ena a Mtumiki, omwe iye sanawamvepo. Anagula ngamira, nayenda mwezi wathunthu m'chipululu, nagogoda pakhomo pa mnzakeyo kuti angomva mawuwo.

Che Likwanya anamvetsera mwaulemu, koma sanagonje. Anati nkhaniyo ndi yabwino, kungoti Swahabayo anakaphunzira kwa mwamuna mnzake, osati kwa mkazi wake.

Shehe anamwetulira. Anati Maswahaba akuluakulu omwe, nkhani ikawasokoneza, ankapita kukaima kuseri kwa nsalu yotchinga n'kufunsa akazi a Mtumiki, ndipo palibe amene ndevu zake zinathothoka chifukwa cha zimenezo.

Mlendoyo anapotokola chisoti chake m'manja. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga ndichite chiyani, Shehe? Kumsika akundiseka. Ndikamadutsa, ogulitsa tomato akumalira ngati mbuzi."

Shehe anavala nkhwayira yawo, naiponda kawiri kuti aone ngati yalimba.

"Che Likwanya, masiku ozinga sanathe. Lero lilipo, mawanso lilipo. Mayiwo akanakuopani n'kukhala chete, mukanadya ndiwo n'kumati mwapereka nsembe kwa Allah, mpaka chaka chamawa. Swahaba uja anagula ngamira kuti akapeze mawu oona. Inu mawuwo akupezani pabwalo panu, atagwada. Talaka sindilemba. Pitani mukagule mbuzi ina dzuwa lisanapendeke, ndipo chiwindi chake mukawapatse aphunzitsi anu akunyumbawo."